Koleji si chigayo, ana anga

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2015, pulezidenti Peter Mutharika adatsegulira koleji ya ntchito zamanja ya Ngara ku Karonga, ndipo lonjezo lidali lakuti maboma onse 28 a dziko lino adzakhale ndi koleji yotere. Cholinga chidali chomveka: mwana wa mlimi asamachite kukwera basi mpaka ku Lilongwe, Namitete, Soche kapena Nasawa kuti aphunzire kupala matabwa, kumanga nyumba, kuwotcherera zitsulo, kusoka kapena kukonza njinga zamoto. Kwa ife a kuno ku Kasungu, komwe makolo ambiri adakalambira m'chigafa akusoka fodya wa eni esiteti, nkhaniyi idali yokoma m'khutu. Lero ana athu a ku Santhe, Chamama, Chulu ndi Nkhamenya akupezeka m'makoleji amenewa, ena pafupi, ena m'maboma oyandikana nafe.

Koma pali khalidwe lina lomwe landikwiyitsa, ndipo ndilinena poti ndine mkulu. Ambiri a inu mumafika mmawa pa njinga, kulowa m'kalasi, kukopera za pabolodi, nthawi ikangokwana ulendo wa kunyumba. Kukakhala msonkhano wa ophunzira mumati mvula ikubwera. Kukakhala mpira, kwaya kapena ntchito yokonza pasukulu mumati zimenezo sizibwera pamayeso. Mwaiyesa koleji chigayo, kuti munthu amangothira chimanga, kudikira, kunyamula ufa wake nkumapita osafunsa ndi dzina la amene adaima naye pamzere. Ndikudziwa kuti ambiri simugonera pomwepo, ndipo mtunda ndi wautali. Komabe satifiketi ndi theka chabe la zimene mudapitira kumeneko. Theka linalo ndi anthu.

Funsani makolo anu mmene fodya wa bale adafikira m'manja mwa mlimi wamba. Mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 fodyayu adali wa maesiteti okhaokha. Wosauka ankalowa monga tenanti, kulandira chimanga pangongole, nkudzamva mtengo wa thukuta lake kwa bwana pakutha pa chaka. Malamulo atasintha, alimi ang'onoang'ono adafika ku okushoni kudzera m'makalabu. Nambala yogulitsira imodzi, galimoto yonyamula mabelo imodzi, ngongole ya feteleza imodzi, ndipo mmodzi akathawa ngongoleyo onse ankaisenza. Bungwe la NASFAM, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1997, lidaphuka kuchokera m'makalabu oterewa. Amuna ndi amayi omwe sadafike Sitandade 8 adaphunzira kusankha wapampando, kulemba zokambirana, kuwerengetsa msungichuma pamaso pa gulu, ndi kuchotsa mnzawo wobisa zinyalala pakati pa belo asanaipitse mbiri ya onse ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ya ku Kanengo. Mutu umodzi susenza denga. Iwo adaphunzira zimenezi pansi pa mtengo, ataluza kale ndalama. Inu mwapatsidwa malo oti muziphunzire zisanakupwetekeni, ndiye mukuthawa?

Taganizirani tsiku lomwe mudzatuluke. Wowotcherera zitsulo amafuna makina, galayinda ndi malo ofika magetsi. Telala amafuna makina osokera ndi khonde la munthu. Ndani mwa inu adzagula zimenezi yekha ndi ndalama za soya wa bambo ake? Obwereketsa ndalama, kaya ndi mabungwe a ngongole kaya banki m'khonde ya kwanu, amakonda gulu lodziwana kuposa mnyamata wobwera yekha atanyamula pepala. Ndipo amene akumanga nyumba pa boma safuna mmisiri mmodzi: afuna womanga, wokhoma denga, wa mapaipi, wa magetsi, wa mafelemu a mawindo. Womanga akapeza ntchito amafunsidwa kuti, “Kodi ukudziwa kalipentala wabwino?” Dzina limene adzatchule ndi la uja ankafika nthawi yake pokonzekera mpira, uja adasunga ndalama za kwaya nkubweza chenje chonse. Amene ankangodutsa ngati mlendo sadzakumbukiridwa, ngakhale adakhoza bwanji mayeso. Kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu.

Mumakonda kutchula William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe, ndipo mumamutchula ngati munthu amene adapanga makina amphepo nkuchita zonse payekha. Si mmene zidalili. Njala ya 2001 mpaka 2002 itamutulutsa pa sekondale ya Kachokolo chifukwa cha fizi, mnyamatayo adapeza buku la Using Energy mu laibulale yaing'ono ya pa pulaimale ya Wimbe, momwe mudali woyang'anira womulola kubwereka. Zitsulo adazitola pa dzala la esiteti yakale ya fodya. Dayinamo adamugulira mnzake, mwana wa mfumu, ndipo msuweni wake adamuthandiza kudzutsa nsanja ya mabulugamu pomwe ena ankamunena kuti wapenga. Mu 2006 akuluakulu a zamaphunziro omwe ankayendera malaibulale ndiwo adaona makina amphepowo nkuitana atolankhani. Mu 2007 adakayankhula ku Arusha, ndipo mu 2014 adamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America. Nzeru zidali zake, palibe angatsutse. Koma chilichonse mwa zimene zidamukweza chidapezeka kunja kwa kalasi, m'manja mwa munthu wina. Iye adalibe koleji. Inu muli nayo, muli ndi mashopu ophunzirira, aphunzitsi ndi anzanu a luso losiyanasiyana pabwalo limodzi. Wa magetsi a dzuwa adayamba wakhalapo pansi ndi wowotcherera kuti apange pampu yothirira dimba? Kapena mumangopatsana moni pachipata?

Tsono za bungwe la ophunzira. Lowani, pikisanani, votani. Malamulo omwe adakhazikitsa bungwe la TEVETA mu 1999 amalamula olemba anthu ntchito kupereka gawo limodzi mwa magawo 100 a ndalama za malipiro kuti zithandize maphunziro a ntchito zamanja. Kutanthauza kuti simenti, matabwa ndi ndodo zowotcherera zomwe mumaphunzirira ndi thukuta la Amalawi anzanu, si mphatso ya mphunzitsi wamkulu. Zikasowa muli ndi ufulu wofunsa. Tsiku la mayeso likasintha, malo a atachimenti akachedwa, funsani. Safunsa adadya phula. Koma funsani ngati anthu ophunzira: kalata yolembedwa bwino, nthumwi zodziwika, tsiku loyembekezera yankho. Taona m'dziko muno ophunzira akuswa mawindo ndi kutentha nyumba za sukulu chifukwa cha ndiwo, kenaka sukulu nkutsekedwa, makolo nkugulitsa mbuzi kuti alipire zowonongekazo. Nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Kwa inu zingakhale zochititsa manyazi koposa, chifukwa mukudziwa mtengo wa felemu imodzi ndi masiku omwe imatenga kuti ipangidwe. Zikavuta pali komiti ya makolo, pali mafumu, pali abusa ndi mashehe a m'deralo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Ndipo mukasankhidwa, chenjerani ndi zinthu ziwiri. China ndi thumba la bungwe. Ndalama ya anzanu, ngakhale ikhale ya mtengo wa sopo, ilembedwe ndipo iwerengedwe poyera, chifukwa wakuba wa m'maofesi akuluakulu adayambira pa zing'onozing'ono zomwezi. China ndi andale. Chisankho chikayandikira amabwera ndi nsalu, malaya ndi kanthu ka m'manja, kufuna mtsogoleri wa ophunzira awasonkhanitsire anyamata oimba pamsonkhano. Iwo akapita ku Nyumba ya Malamulo, inu mumatsala ndi dzina lakuti ndinu a chipani chakuti, ndipo theka la makasitomala anu a mawa lakuthawani musanatsegule nkomwe shopu. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Ana anga aakazi, ndili nanu mawu apadera. Ndimamva chisoni kuona mtsikana wogwira chipangizo chowotcherera bwino kuposa anyamata, koma pamsonkhano wakhala kumbuyo, ndipo akampatsa udindo ndi wophika pa tsiku la chikondwerero basi. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Imirirani pa mpando weniweniwo. Pali nkhani zomwe anyamata sangazitengere kutsogolo chifukwa siziwakhudza: zimbudzi zopanda zitseko, nyumba za lendi zopanda chitetezo, kuyenda mdima pobwerera, ndi bambo wamkulu yemwe amati malikisi kapena malo a atachimenti ali ndi mtengo wake wina. Mtsikana mmodzi akanena amaopsezedwa. Akanena khumi, atalemba ndi kusainira, nkhani imayenda. Zomwezi ndikuuzanso ana athu omwe akuphunzira zauphunzitsi pa Kasungu TTC, chifukwa mawa ndiwo adzayang'anire makalabu a ana m'mapulaimale.

Makolo anzanga, nanunso musandithawe. Kuyambira Januwale mpaka Epulo, fodya akamathyoledwa, kusokedwa ndi kusankhidwa, ndinu amene mumaimbira mwana foni kuti abwere msanga manja achepa. Loweruka limene anzake akukakhoma madesiki pa sukulu yoyandikana ndi koleji, wanu ali pa jeke kupana mabelo. Sindikunyoza fodya, adatiphunzitsira ana ndi kutifolera nyumba ndi malata. Koma osuta akuchepa m'maiko ogula, ndipo mu 2023 Malawi adalowa nawo m'pangano la bungwe la WHO lochepetsa kusuta. Mtengo wa ku okushoni suli m'manja mwanu, monganso mvula. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo: luso la mwanayo ndi anthu omwe akudziwana nawo ndizo zili pamphuno. Lembani waganyu masiku oterowo, mwanayo mumsiye.

Wina andifunsa kuti nanga pakoleji pomwe palibe kalabu iliyonse tiyambire pati. Yendani pa pulaimale yapafupi, muwerenge madesiki othyoka ndi zitseko zoguluka. Pitani kwa mphunzitsi wanu wa zamatabwa mumupemphe zipangizo za tsiku limodzi, komiti ya sukuluyo igule misomali ndi guluu, inu mupereke manja. Wosoka atenge miyezo ya mayunifomu a ana amasiye, wa njinga zamoto aone njinga ya mlangizi wa zaumoyo yomwe yaima miyezi. Sankhani mmodzi alembe m'kope zomwe zalowa, zomwe zatuluka ndi maina a onse omwe adabwera, ndipo mphunzitsi wamkulu wa pulaimaleyo akulembereni kalata yadidindo yonena ntchito yomwe mwagwira. Aliyense atenge kope lake la kalatayo, aliike pamodzi ndi satifiketi popita kukafunsira atachimenti.