Mawu a Mkonzi: Ndalama za Lotale Zizioneka Kumene Zathera

Usipa wina umene timagula pamsika wa Kapata kuno ku Chipata umachokera kunyanja ya Malawi, m'magombe ngati a kwa Mfumu Mwadzama m'boma la Nkhotakota. Alovi a kumeneko amachezera usiku ndi nyali kukoka chilimira, kukacha n'kugawana zimene apeza. Masiku ano gawo la ndalamazo silifika kunyumba, limathera m'foni poyesa mwayi. Anyamata a njinga ku Katete ndi ku Petauke akuchitanso chimodzimodzi, ndiye nkhaniyi ndi yathu tonse.

Boma likamaloleza lotale limati phindu lake lidzathandiza anthu. Kayendetsedwe kake n'kosavuta. Ndalama za matikiti zimasonkhanitsidwa pamodzi, pafupifupi theka n'kubwerera kwa opambana. Ogulitsa matikiti ndi kampani yoyendetsa amatapapo zawo, msonkho umachotsedwa, ndipo zotsala zimapita kuthumba la ntchito zothandiza anthu. Ku Britain, kumene lotale ya dziko inayamba mu 1994, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 limapita kumasewera, zaluso ndi mabungwe achifundo. Koma wogula tikiti asadzinamize. Pa lotale yosankha manambala 6 mwa 49, mwayi wotenga mphoto yaikulu ndi umodzi mwa 13,983,816. Choncho lotale ndi msonkho ndithu, kungoti munthu amaupereka yekha akumwetulira, ndipo umaluma kwambiri wosauka.

Ku Malawi, lamulo la 2022 linaphatikiza mabungwe awiri, loona za njuga ndi loona za lotale, kukhala limodzi lotchedwa MAGLA. Ntchito yake ndi kupereka ziphaso ku makampani ndi kuwayang'anira. Kuno kwathu achikulire akukumbukira Pick-a-Lot ya boma, koma lero msika uli m'manja mwa makampani obetchera mpira, ndipo boma limangodikira msonkho. Vuto lagona pamenepa. Msonkho ukalowa m'thumba lalikulu la boma, la Control 99 kuno kapena Account Number One ku Malawi, umasakanikirana ndi ndalama zina zonse. Mlovi wa kwa Mwadzama sangaloze mjigo kapena chipinda chophunziriramo n'kunena kuti ichi chachokera ku tikiti yanga.

Ena anganene kuti mankhwala ake ndi thumba lapadera. Inde, koma thumba lopanda mlonda limabooka. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amakagwira ntchito, lotale inayamba mu 2000 ili ndi thumba lotere. Mu 2020 Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula ofufuza a SIU kuti alowe m'bungwe loyang'anira lotale, ndipo zinadziwika kuti ndalama zina zomangira nyumba zosungiramo okalamba zinagulira anthu nyumba zapamwamba ndi magalimoto. Amene anayamba kufukula zimenezi ndi atolankhani, chifukwa panali mayina a olandira thandizo oti n'kuwalondola mpaka pamalo pamene panayenera kumangidwa.

Ife sitikunena kuti njuga ithe. Ikaletsedwa idzangobisala kuseri kwa mashabini, boma osapezapo ngakhale ngwee. Chimene tikufuna tinachiona kale pa CDF (thumba la chitukuko cha dera la phungu aliyense), imene inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022. Ili ndi zofooka zake, komabe munthu amaona chikwangwani pasukulu n'kudziwa kumene ndalama zachokera ndi woti amufunse zikasokonekera.

Aphungu a kuno kum'mawa akafunse m'Nyumba ya Malamulo kuti chaka chatha njuga ndi lotale zinabweretsa ndalama zingati, ndipo akakamize kuti gawo lake lilembedwe m'lamulo kuti ndi la mabwalo a masewera a achinyamata ndi chithandizo cha omwe njuga yawalowerera. Mndandanda wa olandira uzimatidwa pa ofesi ya khonsolo, ndipo uziwerengedwanso pa wailesi m'Chinyanja.