Kwa eni magalimoto a pamsewu wa Thambani: tikupsa

Ife okwera magalimoto kuchokera ku Thambani kupita ku Mwanza boma tadandaulira makondakitala mpaka kutopa, ndiye lero tikulankhula ndi inu mabwana awo. Ukalamba wa magalimoto anu sitikuunyoza. Popanda Toyota Hiace zakalezi ndi malole okuthawa, odwala athu bwenzi akupita kuchipatala cha boma panjinga. Dandaulo lathu ndi kutentha kwa m'katimo, makamaka Okutobala ndi Novembala.

Dzuwa ndi la Mulungu, koma moto wotuluka pansi pa mpando ndi wanu. Injini ya minibasizi ili pansi pa dalaivala ndi amene wakhala naye kutsogolo. Fakitale inaikapo chofunda chotchinga kutentha ndi labala kuzungulira chivundikiro, koma zonsezo zinathera m'magalaja ndipo palibe anazibwezera. Labala wa pa giya anang'ambika kalekale, moti mpweya wamoto umangouzira m'miyendo. Tsono makondakitala anu amakhazika ana athu pachitsulo cha kumbuyo kwa dalaivala, pamene munthu wamkulu sangakhalepo osayalapo thumba.

Chimene chimatiwawa kwambiri ndi hita. Tikuidziwa nzeruyo, makaniko anatiuza. Injini ikayamba kubwata pachitunda, a dalaivala amayatsa hita kuti madzi a m'injini, otentha kuposa madigiri 90, atayire moto wake m'kati mwa galimoto. Injini imapumadi. Koma moto umenewo timaulandira ndife, amayi apakati, makanda ndi agogo, titalipira ndalama yonse. Mukuziziritsa chitsulo ndi matupi athu chifukwa simukufuna kutsukitsa ladiyeta.

Mungati titsegule mawindo. Atiwo? Ena munawamanga ndi waya, pena munakhomapo thabwa. Otsegukawo amalowetsa fumbi, ndipo ngati ekizozi ili yobooka utsi umabwereranso m'kati kudzera m'zibowo za pansi. Mutu umene timatsika nawo paboma si wa dzuwa lokha. Mu utsiwo muli mpweya wopanda fungo umene umaledzeretsa munthu mpaka kukomoka, ndipo woyamba kuwodzera akhoza kukhala dalaivala wanu yemweyo.

Sitikupempha makina oziziritsira mpweya, tikudziwa mtengo wa mafuta. Chubu chakale chimakwana kutseka pa giya ndi zibowo zina. Owotcherera alipo ku Mwanza, ekizozi ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Mapaipi awiri opita ku hita angalumikizidwe okhaokha kuti madzi otentha asamafike kumapazi, fani ikonzedwe, denga lipakidwe utoto woyera, mawindo amasulidwe. Ndipo podikira kuti galimoto idzaze, imikani pansi pa mtengo wa mango, musatitsekere m'kati pamtetete.

Anyamata a njinga zamoto akutitenga kale, ngakhale ndi odula. Kwa inu kwatsala a katundu wolemera, odwala ndi okalamba, omwe kutenthaku kumawapweteka msanga. Yambani ndi hitayo sabata ino.