Samusa ndi bajiya ndi zathu, tizisamale

Aliyense amene anafikapo pa msika wa Mongue, kapena pa Milange pamene anthu amadikira galimoto za ku Mocuba, akulidziwa fungo la mafuta otentha. Amayi amakhala m'mbali mwa mseu ndi beseni la samusa, bajiya ndi mandasi. Mlimi wa njinga, mwana wa sukulu ndi wamalonda woolokera ku Muloza, onse amaima pomwepo. Zakudyazi ndi zotsika mtengo, zimadyedwa zotentha, ndipo pogula anthu amacheza n'kumva za m'midzi ina.

Ambiri sadziwa kuti samusa ndi bajiya zinaoloka nyanja pamodzi ndi Amwenye. Mpaka chaka cha 1752, Apwitikizi ankalamulira Mozambique kuchokera ku Goa, m'dziko la India. Anthu a ku Goa ndi amalonda a ku Gujarat anakhazikika ku Quelimane ndi m'chigwa cha Zambezi, ndipo m'kupita kwa zaka masitolo awo anafika m'maboma a kumtunda. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Koma ife sitinangotengera ayi. Ku India bajiya amapanga ndi ufa wa tchana. Kuno amayi amanyika khobwe, kumusinja, kuthira adyo ndi mchere n'kukazinga, ndipo timadyera buledi. Samusa wa kumeneko kawirikawiri amakhala wa mbatatesi, pamene wathu timaikamo nyama kapena nsomba, anyezi ndi tsabola. Chakudya chachilendo chikaphikidwa ndi za m'munda mwathu, chasanduka mwambo wathu. Ndipo ubalewu sunathe: mu 2016 maboma a Mozambique ndi India anagwirizana za malonda a nandolo, mbewu yomwe alimi a Milange amalima kwambiri, imene Amwenye amaphika ngati ndiwo.

Chodandaulitsa ndi malo amene amayiwa amagulitsira. Fumbi la mseu limagwera m'beseni, ntchentche zimatera, madzi osamba m'manja palibe, zimbudzi ndi zochepa. Sitinaiwale kolera amene anavuta ku Quelimane namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023. Matenda otere akabuka, oyamba kuthamangitsidwa amakhala ogulitsa zakudya, pamene ndalama za beseni lomwelo ndi zimene zimagula makope, sopo ndi mchere pakhomo.

Ku Asia komweko kuli phunziro. Dziko la Singapore silinathetse malonda a zakudya za m'misewu. Kuyambira 1971 boma linamangira ogulitsa malo okhala ndi denga, madzi ndi potaya zinyalala. Mu 2020 bungwe la UNESCO linalemba mwambo wodyera m'malo amenewa pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa pa dziko lonse.

Ife sitikupempha zinyumba za ku Singapore. Tikupempha akuluakulu a boma la Milange ndi a ku Mongue kuti gawo la msonkho wa pamsika limange shedi, mjigo ndi zimbudzi. A zaumoyo aziyendera ogulitsa ndi kuwalangiza nthenda isanabuke. Nanunso amayi, vundikirani beseni, musabwereze mafuta mpaka kuda, ndipo ikani ndowa ya madzi ndi sopo pambali. Ogula, gulani kwa amene akuchita zimenezi. Mvula isanayambe, ntchitoyi iyambe.