Mbalame za pa Boadzulu si zimene zatha nsomba

Sabata ino ndiloleni ndilankhule ngati mayi wogulitsa nsomba pamsika, chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mwezi watha ndinapita ku Mangochi kukapikula usipa. Padoko ndinapeza mathandala ambiri ali mbee, ndipo mtengo wa kausipa kochepa kamene kanalipo unali wosayamba. Bambo wina, msodzi wachikulire, analoza cha kunyanja n'kuti, "Mayi, akuba athu ndi awo. Mbalame zija zikutidyera nsomba. Boma likanatilola tikanakaswa mazira onse." Anthu anaseka n'kuvomereza. Ine sindinaseke, ndipo mpaka lero mawuwo akundiwawa.

Amanena za chilumba cha Boadzulu. Amene munafikako mukuchidziwa, chilumba cha miyala choyera ndi zitosi, pamene mphipi zimamanga zisa zochuluka zedi, nkhwazi zikulira m'mwamba. Chilumbachi chili m'gulu la malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, pamodzi ndi Mumbo, Domwe ndi Thumbi kufupi ndi Cape Maclear. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tokongola ta m'miyala.

Tsono ndikufunseni, abale anga. Kodi mbalamezi zabwera liti? Agogo athu akamadya chambo chachikulu chosakwana m'mbale, mphipi kunalibe? Zinalipo, zinkadya, ndipo nsomba zinkatsala zambirimbiri. Inde mbalame imadya nsomba, sindikukana. Koma imadya za mimba yake basi, ikakhuta imakakhala pamwala n'kuyanika mapiko. Ilibe injini, ilibe nyali za usiku, ilibe ngongole kubanki m'khonde.

Chimene chasintha ndife. Maneti amene tinalandira kuti tidziteteze ku malungo tawasoka n'kuwasandutsa makoka, ndipo amakokolola ndi tiana tomwe. Nyengo yotseka nyanja ikafika, pamene chambo chikuswana, ena amalowabe usiku. Ndipo pano ndisaname, ife ogulitsa tili momwemo. Kasawala, kamene ndi mwana wa chambo, timagula ndife, n'kukaika pamulu. Inenso ndinagulapo. Inu ogula mumafunsa mtengo wokha, simufunsa kuti kansombaka kanali ndi miyezi ingati.

Zomera nazo sitinazisiye. Kuwamba nsomba kumafuna nkhuni, ndiye mitengo ya m'mbali mwa nyanja yapita, ndipo maso athu tsopano ali pa zilumba. Mtengo ukagwa, chisa cha nkhwazi chimagwa nawo. Mvula ikabwera dothi lochepa la pamiyala limakokoloka, ndipo maluwa a m'tchire amene amaphuka m'ming'alu ndi mvula yoyamba amasowa pomera. Ndi angati mwa inu alembi munaonapo duwa la mlambe, loyera, lotseguka madzulo kudikira mileme? Timalemba ndakatulo za maluwa a rozi pamene athu akutha osatchulidwa n'komwe.

Ena a inu muti, "Mayi, zimenezo n'za azungu okajambula zithunzi, ife tili ndi njala." Njala ndikuidziwa, fizi ya ana anga imachokera pa mulu wa usipa. N'chifukwa chake ndikukana bodza limeneli. Mukaswa mazira onse pa Boadzulu lero, chaka chamawa mathandala adzakhalabe mbee, ndipo tidzasowa woloza chala.

Njira ilipo, ndipo sinachokere kunja. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, m'dera la mfumu Makanjira, anthu akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Mfumu ikatseka, aliyense amachoka, ndipo akatsegula nsomba zimapezeka. Lamulo lawo loletsa akazi kufika pachilumbapo tidzakangane tsiku lina, koma pa nkhani yopumitsa nyanja anaona patali.

Ine ndaleka kupikula kasawala, ngakhale anzanga pamsika akundiseka kuti ndikutaya ndalama. Inu mukapita kumsika Loweruka lino, yang'anitsitsani pamulu musanatulutse ndalama. Mukaona tiana ta chambo, mufunseni wogulitsayo, ngakhale atakhala ine.