Mmera Mpoyamba: Konzani Mbeu za Mitengo Musanafese

Anzathu alimi a chimanga ndi fodya, tonse tidziwa kuti nkhalango zimene makolo athu anali kutemamo mitengo zirinkutha. Chigafa chifuna milimo, fodya wa chikopa sauma popanda nkhuni, ndipo khola nalonso lifuna nsichi. Ambiri ayesa kufesa mitengo, koma mbeu zikakana kumera afulumira kunena kuti nzoipa, nagwa mphwayi. Ife tikuti kawirikawiri mlandu suli pa mbeu ai, koma pa wofesa amene sanazikonze.

Taganizani za nazale ya fodya. Palibe mlimi wanzeru amene amwaza mbeu yake chisawawa. Asalaza bedi, asakaniza mbeu ndi phulusa kapena mchenga, nathirira mmawa ndi madzulo. Nanga mbeu ya mtengo, umene udzathandiza ana ndi adzukulu, tiiponyerenji pansi ngati zinyalala? Mbeu za mitengo sizifanana, ndipo mtundu uli wonse uli ndi makonzedwe ake.

Zoyamba ndi za khungu lolimba, monga nsangu, mthethe ndi keshya. Madzi salowa msanga m'khungu lotere, choncho njere ikhoza kugona m'nthaka miyezi yambiri osamera. Kodi simunaone timitengo ta nsangu titamera m'ndowe za ng'ombe? Nchifukwa chakuti khungulo linafewa m'mimba mwa ng'ombe imene inadya makoko ake. Nafenso tiyenera kutsegulira madzi njira. Temani khungu pang'ono ndi mpeni kapena chowengera zikhadabo, koma kutali ndi kachipsera pamene njere inalumikizana ndi khoko, pakuti muzu uturukira pafupi ndi pamenepo. Kenaka viikani m'madzi ozizira usiku umodzi, ndipo zimene zafufuma muzifese mmawa mwake. Ngati mbeu zachuruka, witsani madzi, muwaphule, muwathire pa mbeu zosatema, ndi kuzisiya momwemo maola 24. Musaziphike pamoto, mbeu yophika simera.

Zachiwiri ndi zimene sizisungika, monga mbawa ndi malaina. Mbeu ya mbawa ifesedwe ikali yatsopano, chifukwa ikakhalitsa m'nyumba moyo wake utha. Za malaina tolani zipatso zakupsa, muchotse mnofu wonse, mutsuke nthangazo, ndi kuziviika m'madzi ozizira tsiku limodzi musanafese.

Zachitatu ndi zazing'onozing'ono, monga bulugamu. Izi sizifuna kuviika konse. Zisakanizeni ndi mchenga wosalala, muziwaze pa bedi, muphimbe ndi udzu wochepa, ndi kuthirira ndi keni ya maso ang'ono, monga momwe muchitira ndi fodya.

Pa mitundu yonseyi, tolani mbeu pa mitengo yambiri yowongoka ndi yathanzi, osati pa mtengo umodzi wokha. Zofumbwa ndi zopuwala tayani. Musakwirire mozama: dothi la pamwamba lisapitirire kawiri kukula kwa njereyo. Nsangu ifesedwe m'machubu, pakuti muzu wake utsika msanga ndipo sufuna kuzulidwazulidwa. Fesani mu August kapena September, kuti mbande zikhale zitakhwima pofika December kapena January, mvula itakhazikika. Wofesa mvula itagwa kale adzawokera mbande zanthete, zimene dzuwa la October wotsatira lidzazipsereza.

Ena adzati nchitoyi njochuruka, ndipo ifika pa nthawi yosula minda. Nzoona kuti ifuna kudekha, koma kutema njere zokwanira munda umodzi ndi nchito ya madzulo amodzi pakhonde. Yerekezani zimenezi ndi ndalama zogulira nkhuni chaka ndi chaka, kapena ulendo wa ngolo wa tsiku lonse kukafuna milimo. Ndipo amene wafika ku Salima kapena ku chigwa cha Bwanje waona yekha chimanga chobiriwira pansi pa nsangu, mtengo umene uyoyola masamba ake m'dzinja, nupatsa nthaka chonde osatchinga dzuwa.

Akulu anati mmera mpoyamba. Chaka chino, pamene mukonza mabedi a fodya, konzaninso limodzi la mitengo pambali pake. Ndipo ngati muli ndi mbeu imene simuidziwa makonzedwe ake, funsani mlangizi musanaiike m'nthaka.