Zakukhitchini: Chiwindi cha Nkhuku Monga Amachiphikira Ayuda

Mwezi uno tikambirana za kanyama kamene kawirikawiri kamathera pamakala nkhuku isanalowe n'komwe mumphika. Kanyamako ndi chiwindi. Pamudzi pakaphedwa nkhuku, nthutumba mwini wake amadziwika: ndi ya bambo kapena mlendo wolemekezeka. Koma chiwindi chilibe mwini, kotero kuti amene wagwira mpeni amangochiotcha n'kuchimeza yekha kuseri kwa nkhokwe. Chonsecho m'nyumba momwemo muli ana amene matupi awo akuchisowa kwambiri.

Kafukufuku wa zaumoyo amene anachitika m'dziko lathu la Zambia mu 2018 anapeza kuti pa ana 100 alionse osakwana zaka 5, ana 58 anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi, ndipo pa amayi 100 alionse, 31 anali ndi vuto lomwelo. Malungo ndi njoka zam'mimba zimathandizira, komanso chakudya chopanda ayironi wokwanira. Chiwindi cha nkhuku chili ndi ayironi wambiri, pafupifupi mamiligalamu 9 pa magalamu 100 alionse, kuposa mnofu wa nkhuku yomweyo. Chilinso ndi Vitamini A wochuluka, yemwe amateteza maso ndi kulimbitsa thupi pa matenda. Vitamini ameneyu ndi wofunika kotero kuti kuyambira mu 1998 boma linalamula kuti azithiridwa mu shuga wogulitsidwa m'masitolo.

Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Pa nkhani ya chiwindi, alendo amene tingaphunzire kwa iwo ndi Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya. Ena a iwo anakhala pakati pathu. Mu 1901 abale awiri, Elie ndi Harry Susman, ochokera ku Lithuania, anaoloka Zambezi kukagula ng'ombe m'dziko la Litunga Lewanika. Anzawo anatsatira, ndipo mu 1928 anayamba kumanga sunagoge wao ku Livingstone. Malemu Simon Zukas, amene anathamangitsidwa ndi atsamunda mu 1952 chifukwa cholimbana ndi chitaganya, ndipo pambuyo pake anadzakhala nduna ya boma, nayenso anabadwira ku Lithuania. Ayuda ena a kumeneko anapita ku New York, kumene anatsegula timasitolo ta zakudya zophikaphika totchedwa deli. Chimodzi mwa zakudya zotchuka m'masitolo amenewo ndi chiwindi chowaza, chimene m'chinenero chao cha Yiddish amati gehakte leber.

Chakudyachi chinabadwira mu umphawi ndi m'malamulo a chipembedzo. Buku la Levitiko, mutu 17, limaletsa kudya magazi, ndipo popeza chiwindi chimasunga magazi ambiri, Myuda wosunga mwambo amayamba wachiotcha pamoto kuti magaziwo akhe. Lamulo lina limaletsa kusakaniza nyama ndi mkaka, choncho batala sangalowe. Mafuta a nkhumba nawonso ndi oletsedwa. Chimene chinatsala ndi mafuta a nkhuku kapena a tsekwe, amene amati schmaltz. Ndipo popeza banja losauka linkapha nkhuku imodzi yokha ya tsiku la Sabata, amayi ankachulukitsa kachiwindi kamodziko ndi mazira ndi anyezi kuti aliyense alaweko. Nzeru imeneyi ndi imene ikutiyenera ifenso.

Zofunika ndi izi, ngati mwagula ziwindi kumsika kapena kubutchala: theka la kilo la ziwindi, anyezi akuluakulu awiri, mazira atatu, masupuni akulu anayi a mafuta, mchere ndi tsabola pang'ono. Ngati mwapha nkhuku imodzi ya pakhomo, tengani chiwindi chakecho, dzira limodzi, anyezi mmodzi wamng'ono ndi supuni imodzi ya mafuta.

Yambani ndi mafuta. Dulani tizidutswa ta khungu la nkhuku pamodzi ndi mafuta achikasu a m'mimba mwake, ikani m'chiwaya ndi madzi ochepa kwambiri, ndipo muike pamoto wozilala. Madzi akaphwa, mafuta amasungunuka ndipo tizikopa timauma n'kukhala tofiirira. Tizikopa timeneti Ayuda amati gribenes, ndipo ana amatikonda ngati ziwala zokazinga. Ngati nkhuku yanu ndi yoonda, mafuta a mpendadzuwa kapena a nshawa agwira ntchito yomweyo.

Kenaka konzani chiwindi. Chotsani ndulu mosamala kuti isaphulike, ndipo dulani paliponse pamene pali pobiriwira, chifukwa kadontho kamodzi ka ndulu kamawawitsa mbale yonse. Wazani kamchere, ikani pa waya pamwamba pa makala a mbaula, ndipo tembenuzani mpaka magazi atasiya kutuluka. Panthawi yomweyo wiritsani mazira kwa mphindi 10, muwaziziritse m'madzi ndi kuwasenda.

Chinsinsi chonse chili pa anyezi. Mudule mopyapyala ndi kumukazinga m'mafuta aja pamoto wochepa kwa mphindi 20 kapena kuposerapo, mukutakasa, mpaka atafewa, atafiira ndi kuyamba kutsekemera. Mukathamanga, anyezi amapserera kunja m'kati ali wamuwisi, ndipo kuwawa kwa chiwindi sikubisika. Akapsa, thiranimo chiwindi chija ndi kukazinga limodzi kwa mphindi zisanu. Dulani chidutswa chachikulu muone m'kati: pasakhale pofiira. Chiwindi chosapsa chimatha kukhala ndi tizilombo totsegula m'mimba.

Pomaliza ikani chiwindi, anyezi ndi mazira pathabwa loyera, ndipo muwaze ndi mpeni mpaka zonse zitasakanikirana bwino. Amene ali ndi kamtondo ka m'khitchini angathe kusinja pang'ono, koma zisachite kusalala ngati chiponde. Lawani mchere, thirani tsabola, ndipo ngati zauma onjezerani kasupuni ka mafuta. Ku New York amapaka pa buledi ndi kudyera nkhaka zoviika m'madzi a mchere. Kwathu kuno zimayenda bwino ndi mbatata yootcha, chinangwa chophika, kapena nsima yomwe, pambali pa chiwawa kapena repu. Mafupa, khosi ndi zipalapaso musataye: ziwiritseni ndi anyezi ndi karoti, mupeze msuzi umene amayi a Chiyuda amapatsa odwala chimfine.

Pali machenjezo atatu. Loyamba, nkhuku yofa yokha, kaya ndi chitopa kaya ndi matenda ena, isadyedwe, ndipo chiwindi chotupa kapena cha mawangamawanga chikwiriridwe. Lachiwiri, ngati mulibe firiji, chakudyachi chithe tsiku lomwelo. M'nyengo yotentha ya Okutobala chimaonongeka m'maola ochepa. Lachitatu likukhudza amayi oyembekezera. Vitamini A wochuluka kwambiri angathe kuvulaza mwana m'mimba, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira, choncho mayi wapakati achipewe chiwindi kufikira atafunsa anamwino ku sikelo, ndipo apitirize kumwa mapilitsi oonjezera magazi amene amalandira kumeneko. Mazira okha ophika bwino adye popanda mantha. Chikhulupiriro chakuti dzira limaononga mwana wosabadwa chilibe maziko.

Mwana amene wakwana miyezi 6 ndipo wayamba phala angathe kupatsidwa kasupuni kamodzi kapena awiri a chiwindi chopsa bwino, chosinja, chopanda tsabola, kamodzi pa sabata. Atsikana amene akula msinkhu ndi amayi oyamwitsa nawonso asamanidwe.

Tsono inu abambo, nthutumba yanu palibe akukulandani. Pempho lathu n'lakuti nkhuku ikaphedwa, pa Khirisimasi, pa ubatizo kapena mlendo akafika, muziyamba mwafunsa kumene chiwindi chapita. Dzira limodzi ndi anyezi mmodzi n'zokwanira kuti kachiwindi kamodzi kafike pakamwa pa ana anayi. Yesani mwezi uno, ndipo mutilembere kutiuza mmene banja lanu lachilandirira.