Mwala Wochiritsa Mtima? Kafunseni Oukumba

Mwati mwalawu umachiritsa mtima? Mtima uti? Wopopa magaziwu, kapena uja wosweka chifukwa abambo akunyumba adakakwatira kwina?

Ulaliki wanu ndaumva, inu ogulitsa rose quartz. Akuti mwala wapinkiwu ukaugoneka pachifuwa umaitana chikondi, umasungunula chidani, umakhazika mtima pansi. Kukongola kokha ndiye sindikana, ukauloza kudzuwa umakhala ngati mtambo wa m'bandakucha. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyeni tiuswe tione. Mwalawu ndi silicon dioxide, chinthu chomwecho chimene chadzaza mumchenga umene amisiri amasakaniza ndi simenti. Pa muyeso wa Mohs kulimba kwake ndi 7 pa 10: umakanda galasi, mpeni suulowa. Mtundu wapinkiwo umachokera ku tiulusi tosaoneka ndi maso, ta mwala wina wofanana ndi dumortierite, timene tili m'kati mwake. Chikondicho chili pati apa? M'tiulusimo?

"Koma quartz imayendetsa wotchi, ndiye kuti ili ndi mphamvu!" Limenelo ndi bodza lovala jekete. Jacques ndi Pierre Curie adapeza mu 1880 kuti quartz ukaipsinja imatulutsa timagetsi tochepa. M'wotchi, kachidutswa kake kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi chifukwa batire ikukatokosa. Chotsani batireyo, wotchi iima pomwepo. Nanga mwala uli pansi pa pilo wanuwo, batire yake ili kuti?

"Ine ndidamva kutentha m'dzanja." Mudamvadi, sindikuti mukunama. Mu 2001 Christopher French wa ku yunivesite ya Goldsmiths ku London adagwiritsa anthu 80 miyala, ena yeniyeni, ena yabodza yagalasi. Ogwira galasi adamva kutentha ndi kunyerenyesa komweko. Chidatenthetsa dzanjalo ndi zimene adayamba awauza. Tsono mayi wodwala BP akakukhulupirirani n'kusiya mapiritsi a kuchipatala, tsiku limene adzagwe pakhomo, mkono ndi mwendo zitafa, mudzabwera kudzamunyamula? Mudzathimitsa foni.

Chimene chimanditentha kwambiri n'china. Mwalawu sugwa ndi mvula. Amaukumba ku Brazil, ku Madagascar, ndi konkuno ku Mzimba. Mu 2019 nyuzipepala ya The Guardian idalemba za okumba ku Madagascar: anthu olowa m'maenje akuya ongokumba pamanja, osachirikizidwa, amene amatha kugumuka n'kuwakwirira, ana nawonso ali pantchito, akusenza miyala mtunda wautali kuti alandire tindalama tosakwana ndiwo za madzulo, pamene kamwala komweko kakapukutidwa n'kufika m'masitolo a ku Ulaya ndi ku America kamatchedwa "mwala wa chikondi", mtengo wake n'kukwera kambirimbiri. Chikondi chotani chodutsa pamsana pa mwana wosenza mwala?

Ndipo fumbi la quartz ndi lakupha. Likakhazikika m'mapapo limayambitsa silicosis, nthenda yosachiritsika, yomwe ija idatsokomoletsa agogo athu atabwerako ku migodi ya golide ku Joni pa nthawi ya Wenela. Wokumba ndiye amaugwira mwalawu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, amausenza pamutu, amaupuma. Palibe amene amaukhudza kuposa iye.

Ndiyankheni, inu ogulitsa: iyeyu wachira chiyani?